Tsamba Limene Torfi Ankadumpha

Tsiku limene anamata chipepala cha kanema pakhomo la sitolo, Torfi anabwerera kunyumba chimanjamanja, khofi amene anamutuma osagula. Analowa nsapato osavula, n'kukhala pampando khuma, ngati munthu amene wakumana ndi uthenga wa maliro panjira.

"Khofi uja ali kuti?" anafunsa mkazi wake Hallbera, nsingano zolukira zikugundana m'manja mwake.

"Watha."

"Khofi kutha m'sitolo? Iwe Torfi, kunama kumafuna luso, ndipo iwe ulibe."

Torfi anangoyang'ana pansi. Luso analibe eti? M'chigwa chathu chonse chino, kuno kumpoto kwa Iceland, panalibe munthu amene anaweta bodza limodzi zaka zambiri ngati iyeyo, kulidyetsa ndi kulifunditsa mpaka linakula. Tsopano choonadi chake chinali m'njira, chikubwera pagalimoto kuchokera ku Reykjavík, kudzaonetsedwa m'holo yathu Lamulungu masana, mkazi wake ali pomwepo.

Kuti mumvetse, mudziwe kaye munthuyo. Torfi anabadwira pafamu yomweyo imene anakalambirapo, m'munsi mwa phiri limene limatibisira dzuwa nyengo yachisanu ikafika pakati. Sukulu anangoinunkhiza, moyo wake wonse n'kuthera pankhosa. Anali wouma pakamwa koopsa. Ukamupatsa moni ankayankha ndi chibwano. Akuluakulu amati tsiku limene anafunsira Hallbera, pagule wa pambuyo potsitsa nkhosa kumapiri, mawu ake onse achikondi anali akuti, "Kwathu chitofu n'chatsopano." Mtsikanayo anaseka mpaka misozi, kenako anavomera.

Anabereka mwana mmodzi yekha, Sölvi, ndipo ameneyo ndiye anatengera pakamwa pa amake. Ankaimba pometa nkhosa, ankaseka ndi aliyense, ngakhale abusa a kutchalitchi ankawaseketsa pakati pa mwambo. Vuto lake linali limodzi: buledi ankadya pakati pokha, makoko n'kuwabisa kuseri kwa mbale. Anayamba ali kamwana, ndevu zinachita kumera khalidwelo osalisiya. Amake anakalipa, ananyengerera, mapeto ake anangogwa mphwayi.

Nkhosa zathu zimakhala kumapiri nyengo yonse yotentha, ndipo mu Seputembala amuna amakwera mahatchi kukazitsitsa. Koma nkhosa n'zaliuma, zina zimatsalira, ndiye mu Okutobala anthu ochepa amabwereranso kukasaka zotsalazo. Chaka chimenecho bondo la Torfi linali litatupa, Sölvi n'kupita m'malo mwake. Amake anamukulungira kamba papepala: buledi wakuda wopaka batala, nyama yankhosa yowamba, ndi mandasi opota a kwathu kuno. M'mawa kunja kunali ngwee. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Masana chimphepo cha chipale chinatsika kuphiri, anzake anafika kumudzi movutikira, Sölvi osafika.

Amuna onse a m'chigwa anakwera kukamusaka. Amene anamupeza mphepo italeka ndi Torfi mwiniwake, ndi bondo lake lotupalo. Anatsika naye, tinamuika. Koma mmene anamupezera, atagona bwanji, nkhope ili bwanji, Torfi sananenepo kwa munthu. Hallbera anafunsa kamodzi kokha, maliro atatha. Torfi anadzuka n'kupita kukhola, ndipo mkaziyo sanafunsenso. Dzina la Sölvi linangokhala m'nyumbamo ngati mbale ya alendo: aliyense akudziwa pamene ili, wina osaigwira.

Zaka zitapita, matenda a shuga anamudya maso Hallbera. Kuluka sanasiye, zala zake zinkadziwa njira pazokha, koma mabuku ndiwo anamuliza. Inu mukudziwa, kwa ife Khirisimasi yopanda buku latsopano si Khirisimasi. Ndiye Torfi, munthu amene mawu ake a tsiku lonse unkatha kuwawerenga ndi zala, anayamba kumuwerengera akatha kudya chamadzulo. Poyamba ankawerenga ngati akukoka thumba pamiyala, mawu akugunda uku ndi uku. Pang'ono ndi pang'ono lilime linafewa, mpaka anayamba kusintha mawu: a mfumu okhuthala, a nkhalamba onjenjemera. Hallbera ankati anadikira zaka makumi kuti amve mwamuna wake akulankhula, ndipo zinachita kutengera khungu.

Khirisimasi ina Oddný, mphunzitsi wa pasukulu yathu, anawapatsa chibuku chonenepa ngati njerwa ziwiri, nkhani ya kunja yomasuliridwa m'chinenero chathu, yotchedwa Belu la Pansi pa Chipale. Chaka chimenecho nyumba iliyonse inali nalo. Zopeka zokhazokha: ziphona zaba belu loitanira dzuwa, dziko lonse lauma ndi chisanu, ndiye kagulu ka anthu kanyamuka kukalilanda. Torfi ankati n'zachibwana. Koma Hallbera anakondamo munthu mmodzi, osati mwana wa mfumu kapena ankhondo ake, koma Arvel, mbusa wanthabwala amene gululo linamutenga kuti alilozere njira ya m'mapiri.

"Mwana wabwino ameneyu," ankatero Hallbera akamumva akulankhula. "Koma pakamwa! Amake ayenera kuti anatopa naye."

Madzulo ena diso la Torfi linathamangira kutsogolo kwa pakamwa, monga limachitira diso la wowerenga, n'kuona zimene zinali m'munsi mwa tsamba. Arvel wabwerera yekha m'chipale kukasaka hatchi yotayika. Mphepo yatseka njira. Wakhala pansi kuti apume pang'ono chabe. Torfi anatsokomola. Anavula magalasi n'kuwapukuta. Anayang'ana mkazi wake, nsingano zitaima m'manja, nkhope italoza kwa iye, akudikira. Mtima unamupweteka kwambiri moti sanaganize n'komwe. Anatsegula pakamwa n'kuyamba kuwerenga zimene sizinalembedwe. Anati anzake aja anabwerera ndi nyale, galu ananunkhiza, anakumba ndi manja, n'kumupeza akupumabe.

"Ambuye atamandike," anatero Hallbera, nsingano n'kuyambiranso.

Koma walira mvula walira matope. Ukapulumutsa munthu m'buku, uyenera kumudyetsa mpaka kumapeto. Pamene anzake a Arvel ankamulira, Torfi ankadumpha. Pamene gulu linkawoloka mtsinje, ankamupezera pokhala m'bwato. Pankhondo yomaliza anamupatsa bala laling'ono paphewa, kuti zisaoneke zokonza. Belu litapezeka, anamupezera mkazi dzina lake Dísa, kafamu ka m'munsi mwa phiri, nkhosa zabwino, kenako mapasa. Ndiye abale, Hallbera analikonda bukulo mwakuti chisanu chikangoyamba ankalipempha kuti alibwereze. Chaka ndi chaka Torfi ankatuluka thukuta kukumbukira zimene ananama chaka chatha, ndipo chaka ndi chaka bodzalo linkaphuka nthambi: mapasa ayamba kuyenda, mapasa ayamba sukulu, denga la khola lasasuka ndi mphepo. Ulendo wina anaphonya, anati mapasawo ndi anyamata okhaokha.

"Si paja mmodzi ndi mtsikana?"

"Eya, eya, mtsikana. Magalasiwa atha ntchito."

Kenako kunabwera anthu a kanema, ndi zimagalimoto zawo, kudzajambula mbali ina ya nkhaniyo m'mapiri mwathu. Anabwereka mahatchi ndi nkhosa, analemba ganyu mwamuna aliyense wandevu. Ketill, woyandikana nyumba ndi Torfi, munthu wa pakamwa ngati wailesi, anavekedwa zikopa ndi chisoti chachitsulo n'kupatsidwa nkhwangwa, ndipo kuyambira pamenepo m'sitolo tinalibe mtendere. Torfi sanade nkhawa. Ankati kanemayo akathera kumizinda, Hallbera sadzamufikira. Sanadziwe kuti anthuwo, pofuna kuthokoza, analonjeza kudzamuonetsa m'holo yathu.

Nkhani ya chipepala chija sinabisike. Oddný anaimba foni tsiku lomwelo.

"Lamulungu tikupita," anatero Hallbera atangoika foni pansi. "Unditulutsire chikhoti chobiriwira chija."

"Ukaonako chiyani iweyo?" Mawuwo atangotuluka, Torfi analakalaka atawameza.

"Makutu ndili nawo. Maso ndi iweyo, mdala iwe."

"Phokoso lake limapweteka mutu. Ndipita ndekha, ndidzakufotokozera zonse."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndikufuna ndikamumve ndekha Arvel."

Chimene chinamupatsako mpweya Torfi ndi mwambo wathu wa kupuma. Kuno kanema sathera ulendo umodzi ayi. Pakati penipeni amamuimitsa, ngakhale lupanga lili m'mwamba, magetsi n'kuyaka kuti anthu amwe khofi ndi kuongola miyendo. Torfi anazembetsa bukulo kupita nalo kukhola, n'kuliyeza ndi chala ngati akuyeza mafuta a nkhosa. Imfa ya Arvel inali kupitirira theka ndithu. Basi, nzeru yapezeka: pa kupuma adzanamizira m'mimba, n'kumutenga mkazi wake kupita naye kunyumba. Zotsalazo adzamuuza yekha.

Lamulungu holo inadzaza thothotho. Ana anakhala pansi kutsogolo, nkhalamba za kunyumba yosungira okalamba anazibweretsa pa njinga zawo zokankha, m'nyumba monse fungo la majuzi aubweya ndi khofi wa amayi a bungwe. Ketill anapesa ndevu, anakhala mzere woyamba, akupatsa anthu moni ngati mwini ukwati. Torfi anasankha mipando ya pafupi ndi khomo.

Magetsi atazima anayamba ntchito yake, pakamwa pakhutu la mkazi wake. "Phiri lathu lija, alijambula kuchokera kumwamba. Tsopano nyumba ya mfumu. Ziphona zikubwera, zazitali ngati nsanja ya tchalitchi, nkhope ngati mbatata yofota."

Anthu a kumizinda akuti kanemayu anamuonera ali chete, pakamwa yasa. Kwathu zinalephereka. Ankhondo aja anatsika phiri lathu pamahatchi, n'kungokhota pathanthwe, mwadzidzidzi ali pagombe la mchenga wakuda la kum'mwera, ulendo wa tsiku lathunthu pagalimoto.

"Ha! Msewu umenewo boma lamanga liti?" anakuwa wina kumbuyo, holo yonse n'kuphulika.

"Uyo ndi Blesi, hatchi yanga, uyo!" anatero mlimi wina mwana wa mfumu atatulukira pahatchi. "Kwa ine amakana kuwoloka kamtsinje, lero akudumpha maphompho! Chinyengo chake!"

Nkhosa za mfumu zitadutsa, anthu sanayang'ane mfumu, anayang'ana zizindikiro za m'makutu a nkhosa, n'kuyamba kutchula eni ake mmodzimmodzi. Kenako nkhondo inayamba, Ketill anadzuka pampando, "Taonani, taonani, ndili apa!" Tinamuona ndithu: anatulukira kuseri kwa mwala, anakweza nkhwangwa, muvi n'kumulasa pachifuwa, khu, pansi. Wophethira sanamuone.

"Ndiye miyezi yonseyi unkatisokosera chifukwa cha imfa imeneyi?" anafunsa mkazi wake mokweza.

"Iwe, kugwa kumeneko ndinakubwereza tsiku lonse! Ukuyesa n'kophweka?"

Anthu anamuombera m'manja, ena akupukuta misozi ya phwete. Hallbera anaseka mpaka kutsamira paphewa la mwamuna wake. Koma mawu ena atamveka, a mnyamata akuseka ndi kunyoza ankhondo kuti sadziwa kuyenda m'mapiri, anakhala tsonga n'kugwira mkono wa Torfi.

"Ndi iyeyo? Ali bwanji?"

"Wamtali. Tsitsi lofiirira. Mano oyera kwambiri, mbusa sakhala ndi mano otero."

"Akumwetulira?"

"Akumwetulira."

Hallbera sanausiyenso mkonowo. Torfi ankamva kutentha kwa dzanja lake, maso ali pakhomo.

Magetsi anayaka chiphona chili pakati pokweza chimwala. Anthu anadzuka kuthamangira khofi. Torfi anagwira pamimba.

"Hallbera, m'mimbamu mwandipotokola. Tiye kunyumba."

"Chimbudzi chili kumanzereko. Ndikudikira pompano."

"Komanso kunjaku kukuoneka kuti kubwera mphepo. Nkhosa zija..."

"Kunja kuli bwanji, anzanga?" anafunsa Hallbera mokweza.

"Kuli ngwee, mtambo ngakhale umodzi!" anayankha mkazi wa Ketill, pakamwa podzaza mandasi. Khoswe wa padenga ameneyo.

Mabodza anamuthera Torfi. Anagwada pambali pa mpando, bondo lija likulira, n'kunena motsitsa mawu, "Hallbera, chonde. Tiye kwathu." Chikwatiranire sanamuuzepo mawu akuti chonde.

Mkaziyo anatambasula dzanja, n'kumupapasa nkhope kuyambira pachipumi mpaka kundevu. "Ukunjenjemera, mdala wanga. Khala pansi. Ndikugwira dzanja, usaope."

Anakhala. Akanatani?

Magetsi anazimanso. Chiphona chinaponya mwala wake, gulu linathawira kumapiri, hatchi ina inatayika, Arvel n'kunena kuti abwerera akaisake, afika posachedwa. Mphepo inayamba kulira m'zokuzira mawu. Ndipo inu, malo amene anthu aja anasankha kujambulapo zimenezi anali kuseri kwa phiri lathu lomwelo, pamene pali milu ya miyala yolozera njira. Nthabwala zonse zinatha. Amuna achikulire amene anakwera phirilo chaka chija anaweramitsa mitu, wina osayang'ana kumene kunakhala Torfi.

"Nena," ananong'ona Hallbera. "Chikuchitika n'chiyani?"

"Kuli chipale."

"Chimenecho ndikumva. Iyeyo?"

"Akuyenda. Wagwa. Wadzukanso. Wakhala pansi."

Dzanja la Hallbera linafinya lake mpaka mafupa kulira. Chipale chinakwirira miyendo ya mnyamatayo, chinakwera pachifuwa, maso anatsekeka. Torfi anatseka ake. Anadikira nyimbo ya maliro, anadikira kuti zaka zake zonse za bodza zigwe pamaso pa chigwa chonse, ndipo choposa zonse, kuti mkazi wake aferedwenso kachiwiri.

Kenako anamva galu akuuwa.

Anatsegula maso. Nyale! Nyale zikubwera m'chipale, anthu akuitana dzina, galu akukumba, mwana wa mfumu akufukula ndi manja. Anamutulutsa, anamugwedeza, mnyamatayo n'kutsokomola. Koma abale! Anthu a kanema, kutsidya la nyanja uko, ananama bodza lomwelo la Torfi, ndi galu yemwe.

"Amupeza, Hallbera! Amupeza, akupuma!" Torfi anakuwa, munthu amene chigwa sichinamvepo akukweza mawu ngakhale poitana galu. Misozi inali chuchuchu mpaka m'ndevu. Koyamba pamoyo wake ananena mawu amenewo osanama.

Dzanja la Hallbera linafooka m'dzanja lake. "Oo," anatero, basi. Torfi, m'chimwemwe chakecho, sanazindikire kanthu.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Anaiwala chinthu chimodzi: kuti m'holomo aliyense wodziwa kuwerenga analiwerenga bukulo.

"Ayi! Bodza ili!" Anali Oddný, ataimirira pakati pa mdima, mutu wake ukutchinga chithunzi. "Si mmene zilili!"

"M'buku amafa ameneyu!" anavomereza wina.

"Amafa, ndipo amamupeza chipale chitasungunuka!"

"Khalani pansi inu, tikuonera!" anakuwa achinyamata.

Kanemayo anatha anthu akung'ung'udzabe. Belu linalira, dzuwa linatuluka, Arvel ataima pamenepo ndi mano ake oyera, koma theka la holo linali litakwiya. Magetsi atayaka mkangano unabuka poyera. Achinyamata ankati zili bwino choncho, munthu wabwino aferenji. Owerenga ankati atibera. Ketill ankazungulira akufunsa aliyense, "Ine andipha, uja amusiya. Chilungamo chili kuti?"

Torfi anali kulimbana ndi chikhoti chobiriwira, akufuna kumuveka mkazi wake msanga, pamene Oddný anawatsekera njira, masaya ali psuu.

"Imfa ya Arvel ndiyo mtima wa buku lonse, achotsa mtima n'kutisiyira chikopa! A Hallbera, inu mumalidziwa bukuli kuposa tonsefe, a Torfi amakuwerengerani chaka ndi chaka. Tawauzani anawa. Si amafa?"

Torfi analakalaka pansi patang'ambika. Hallbera anamanga mabatani ake bwinobwino, limodzi limodzi, mpaka la pakhosi.

"Kwathu sanafe ayi, mwanawe," anatero. "Anakwatira Dísa. Ali ndi mapasa, mmodzi mtsikana."

Oddný anatsegula pakamwa kuti atsutse. Mayi wina wachikulire anamukoka dzanja la juzi n'kumunong'oneza kanthu, mphunzitsiyo n'kugwira pakamwa. Anthu anapatuka, awiriwo anatuluka.

Anakwera galimoto ulendo wa kwawo. Dzuwa linali likadali pansonga za mapiri, nkhosa zikudya m'mbali mwa msewu. Atafika pachipata cha famu, Torfi anaimitsa galimoto, koma sanatsike kukatsegula. Manja anali gwa pachiwongolero.

"Hallbera, ine..."

"Masamba, Torfi. Wosaona amamva masamba. Madzulo aja unawerenga mpaka khofi anazizira, tsamba osatembenuza ngakhale limodzi. Komanso tandiuza, mbusa wa kudziko la ziphona angapeze kuti mkazi dzina lake Dísa? Nkhosa zake n'kukhala ndi maina a nkhosa zathu?"

Torfi anatembenukira kwa iye. "Nanga osanena bwanji, zaka zonsezi?"

"Ndinene kuti usiye? M'menemo mokha ndi mmene unkalankhula za mwana wathu. Unamutsitsa kuphiri wamoyo, unamupezera mkazi, unamumangira nyumba, unandipatsa zidzukulu. Ukuyesa ndinkalipempheranji bukulo chaka ndi chaka, chifukwa cha ziphona? Ndinkafuna ndimve kuti anawo akula bwanji."

Torfi anagwetsa mutu pachiwongolero. Mkazi wake anamupeza khosi ndi dzanja, n'kumamusisita monga amachitira ndi mwana wankhosa wozizidwa.

"Koma lero ndinapita kukamumva akufa," anatero. "Ndakalamba, Torfi. Ndimati mwina alendowa andiuza zimene mwamuna wanga akukana kundiuza. Ndinalimba mtima, ndinakonzeka ndithu. Nawonso ndi amantha ngati iwe. Tatsegula chipatacho, ukandiwerengere."

Analowa m'nyumba kukadali kowala. Torfi anakoleza chitofu, chomwe chija chinali chatsopano kalekale, anatenga buku, n'kukhala pampando wake. Tsambalo silinavute kupeza: onse oyandikana nalo anali akuda ndi zala, ilo lokha loyera. Anawerenga pang'onopang'ono, osasintha mawu, osawonjezera kanthu. Arvel anakhala pansi pamtetete. Anasiya kumva kuzizira. Anaganiza za kwawo, za utsi wa panyumba pa amake, n'kugona. Kunalibe galu, kunalibe nyale. Torfi anatembenuza tsamba, ndipo phokoso lake linamveka m'chipinda chonse. Mutuwo unali waufupi, waufupi kuposa bodza lake lonse.

Hallbera anaika manja pamiyendo, misozi ikutsika yokha.

"Ndi mmene unamupezera?"

Torfi anayang'ana kukhomo. Kukhola kunali kufupi, monga kale. Anatseka buku n'kuliika pansi.

"Ayi. Sanali pamtetete ngati uyu. Anafika pamulu wa miyala wachitatu uja, anakhala mbali yopanda mphepo, monga ndinamuphunzitsira. Nkhosa anazipeza, Hallbera. Ziwiri. Zinali zitagona pambali pake, zamoyo. Chipewa chinali kumutu, juzi yako ija ataikokera mpaka pachibwano. Nkhope inali bwinobwino. Ndinayamba ndamuitana, ndimayesa wagona."

Hallbera anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anatulutsa funso limene analisunga kuyambira tsiku la maliro.

"Kamba uja anadya? Ndakhala ndikuganiza kuti mwina anapita ndi njala."

"Anadya."

"Usandinamize, Torfi. Lero lokha."

"Anadya, ndikunenetsa. Nyama yonse, mandasi onse. Pepala analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba. Nditalitsegula ndinapezamo makoko a buledi."

Mawu amene anatuluka m'kamwa mwa Hallbera sitinganene kuti kunali kuseka kapena kulira. Anagwira pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Makoko! M'chipale chonse chija, n'kusiyabe makoko! Iwe Sölvi, mwana wopusa iwe!"

"Sölvi," anatero Torfi, akuliyesa dzinalo pakamwa. Linatuluka ndithu.

Hallbera anapukuta nkhope ndi juzi imene ankaluka, anasendeza mpando wake kufupi ndi wa mwamuna wake, n'kumuuza kuti ayambirenso kuyambira pamene anatuluka pakhomo m'mawa uja, pang'onopang'ono, osadumpha kanthu.